Kodi shuga wopaka pamutu angathetsedi dazi?

Funso: Ndili ndi zaka 34 ndipo dazi layamba kundilowa kuchokera m'mbali mwa mphumi komanso paliwombo. Mnzanga wanditumizira nkhani pa WhatsApp yonena kuti asayansi a ku England apeza mtundu wa shuga wotchedwa deoxyribose umene ukapakidwa pamutu umameretsa tsitsi mofanana ndi mankhwala a dazi otchedwa minoxidil, ndipo ena ayamba kale kuugulitsa pa intaneti. Kodi kafukufukuyu ndi wodalirika, ndipo ndiitanitse mankhwalawa?

Yankho: Bambo, nkhani imene mwalandirayo si yopeka. Kafukufukuyo alipodi, ndipo anasindikizidwa mu 2024 m'magazini ya sayansi yotchedwa Frontiers in Pharmacology. Anachitidwa ndi akatswiri a pa University of Sheffield ku England pamodzi ndi anzawo a pa COMSATS University ku Pakistan, ndipo ena mwa amene anatsogolera ntchitoyi ndi Pulofesa Sheila MacNeil ndi Pulofesa Muhammad Yar. Komabe ndikupemphani kuti musatulutse ndalama zanu panopa, chifukwa kafukufuku ameneyu sanakhudze mutu wa munthu ngakhale mmodzi. Anachitidwa pa mbewa za mu labotale kwa masiku 20 okha. Ndifotokoza chifukwa chake mfundo imeneyi ili yaikulu chotere, ndipo ndikhala pa nkhaniyi motalikirapo, popeza shuga ameneyu akaiwalika kudzabwera mankhwala ena ndi nkhani ina ya pa WhatsApp, ndipo mafunso ofunika kufunsa adzakhala omwewa.

Chiyambi cha ntchitoyi ndi chosangalatsa ndithu. Akatswiriwa sankafufuza za dazi ayi, koma za kupola kwa mabala. Deoxyribose ndi shuga amene ali kale m'thupi mwathu monga mbali ya DNA, ndipo anali atadziwika kuti amathandiza kuti timitsempha tatsopano ta magazi tipangike. Popaka shugayu pa mabala a tinyama ta mu labotale, anaona kuti ubweya wozungulira bala ukumera msanga kuposa m'malo ena. Atadabwa nazo, anatenga mbewa zazimuna, n'kuzibaya mahomoni achimuna otchedwa testosterone kuti ubweya usamere bwino, n'kuzichotsa ubweya pamsana, kenaka n'kuzigawa m'magulu. Zina sizinalandire chilichonse, zina zinapakidwa jelo wopanda mankhwala, zina jelo wa shuga, zina minoxidil, ndipo zina shuga ndi minoxidil pamodzi. Ubweya unamera bwino pa zimene zinalandira shuga, pafupifupi mofanana ndi za minoxidil, ndipo kuphatikiza ziwirizi sikunawonjezere phindu lodziwika. Monga ntchito yoyambirira, inakonzedwa mwanzeru, makamaka poika gulu lopakidwa jelo wopanda kanthu, ndipo eni ake ananena poyera kuti ntchitoyi ikadali pa chiyambi penipeni. Amene anaikokomeza ndi olemba mitu ya nkhani ndi amalonda.

Vuto lagona pa kusiyana kwa mbewa ndi munthu. Pamutu pa munthu pali timizu ta tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo kamuzu kalikonse kamayenda pa nthawi yakeyake: kamakulitsa tsitsi kwa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, kenaka kamafota kwa masabata awiri kapena atatu, n'kupuma kwa miyezi pafupifupi itatu, tsitsi lakale n'kuthothoka, latsopano n'kuyamba. N'chifukwa chake munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku popanda kuoneka dazi. Ubweya wa mbewa suyenda choncho. Timizu take timadzuka ndi kugona pamodzi m'zigawo zikuluzikulu za khungu, nyengo yokula imangotenga masabata awiri kapena atatu, ndipo kungozula ubweya kapena kuvutitsa khungu pang'ono kumatha kudzutsa timizu tonse ta pamalopo. Choncho zinthu zambirimbiri zimameretsa ubweya pamsana pa mbewa, ndipo m'mabuku a sayansi muli mndandanda wautali wa zomera, mafuta ndi mankhwala amene anachita zodabwitsa pa mbewa koma osaphula kanthu pa munthu.

Chinanso n'chakuti mbewa sichita dazi mwachibadwa. Dazi la abambo limabwera chifukwa cha zinthu ziwiri zokumana: chibadwa cha m'banja, ndi mahomoni otchedwa DHT amene thupi limapanga kuchokera ku testosterone. Timizu ta pamphumi ndi paliwombo mwa anthu ena timamva kwambiri mphamvu ya DHT, ndipo pa ulendo uliwonse wa kukula ndi kupuma timacheperachepera, mpaka tsitsi lolimba lija kusanduka kaubweya kopyapyala kosaoneka ndi maso. Izi zimatenga zaka. Katswiri wa za thupi la munthu wa ku America James Hamilton anasonyeza mu 1942 kuti amuna amene anafulidwa asanathe msinkhu sankachita dazi, koma ena a iwo ochokera m'mabanja a dazi ankayamba kulichita akapatsidwa testosterone. Kubaya mbewa testosterone kwa masabata ochepa kumangochedwetsa ubweya, ndipo n'kosiyana ndi kufota kwa pang'onopang'ono kwa timizu kumene kukuchitika pamutu panu. Nyama imene imachitadi dazi lofanana ndi lathu ndi mtundu wina wa anyani a ku Asia a mchira waufupi, ndipo minoxidil ndi mankhwala ena a dazi otchedwa finasteride anayesedwapo pa anyani amenewa. Pa mankhwala onse amene amadutsa pa nyama n'kuyamba kuyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 pa 10 alionse safika povomerezedwa, ndipo shuga wa m'nkhani yanuyo, mmene ankalembedwa, anali asanafike n'komwe pa khomo limenelo.

Tsopano tiyerekeze kuti mawa mwalandira nkhani ina yonena kuti mankhwala ayesedwa pa anthu ndipo tsitsi lawonjezeka. Funso loyamba ndiponso lalikulu kuposa onse ndi ili: lawonjezeka poyerekeza ndi ndani? Anthu ambiri amadabwa akamva kuti m'kafukufuku wa dazi, ngakhale amene akupaka madzi opanda mankhwala, amene akatswiri amawatcha placebo, kawirikawiri tsitsi lawo limawerengedwa lochuluka pakatha miyezi ingapo. Zifukwa zake n'zomveka. Munthu amalowa m'kafukufuku pa nthawi imene tsitsi likuthothoka kwambiri, ndipo pambuyo pa nyengo yoipa yotereyi zinthu zimabwererako zokha. Kuthothoka kwa tsitsi kumasinthanso ndi nyengo za pachaka. Kutikita khungu kawiri patsiku, kusamalira mutu kuposa kale, ndi zosungunulira zimene zili m'madzi opakawo zingathandizeko pang'ono. Ndipo amene akuwerenga tsitsi, akadziwa kuti uyu akulandira mankhwala enieni, diso lake limapeza zimene mtima ukufuna. N'chifukwa chake kafukufuku wodalirika amagawa anthu mwa maere, ndipo wodwala, dokotala ndi wowerenga tsitsi onse sadziwa kuti ndani ali m'gulu liti kufikira ntchito itatha.

Chitsanzo chimene ndimachikonda pa mfundo imeneyi ndi cha mankhwala opaka otchedwa pyrilutamide kapena KX-826, opangidwa ndi kampani ya Kintor ya ku Suzhou m'dziko la China. Ganizo lake linali labwino kwambiri: kutseka malo amene DHT imagwirira kamuzu ka tsitsi, pakhungu pomwepo, popanda kusokoneza mahomoni a thupi lonse. M'gawo lachiwiri la kuyesa, pa amuna 120, zotsatira zinali zokoma, ndipo kampaniyo inalengeza kuti gulu lopaka kawiri patsiku linaposa la placebo ndi tsitsi pafupifupi 15 pa sikweya sentimita iliyonse. Amuna a dazi m'mayiko ambiri anasangalala, ena mpaka kuyamba kugula ufa wa mankhwalawa mwamseri n'kumasungunula okha kunyumba. Kenaka kunabwera gawo lachitatu, la amuna 740 kwa masabata 24, ndipo mu November 2023 kampaniyo inalengeza kuti tsitsi linawonjezekadi mwa amene ankapaka mankhwalawo poyerekeza ndi mmene analili poyamba, koma kusiyana kwawo ndi a placebo kunali kochepa moti kukanatha kungochitika mwamwayi. Taonani bwino mawu amenewa. Wina akanangolemba theka loyamba lokha, lakuti tsitsi linawonjezeka, sakananama, koma akanakusocheretsani kotheratu. Phunziro lina m'nkhani yomweyi ndi la kuchuluka kwa anthu: amuna 120 ogawidwa m'magulu angapo ndiye kuti gulu lililonse lili ndi anthu owerengeka, ndipo anthu atatu kapena anayi amene tsitsi lawo lachita bwino mwapadera angakokere chiwerengero cha gulu lonse m'mwamba.

Funso lachiwiri ndi la mmene anayezera. Njira yovomerezeka ndi yotopetsa koma yoona. Amasankha kachigawo ka khungu kofanana ndi chikhadabo cha chala chaching'ono, m'mphepete mwa dazi, n'kuikapo kadontho ka inki kosafufutika kuti ulendo uliwonse azibwerera pamalo omwewo, n'kumeta tsitsi la pamenepo lalifupi, n'kujambula ndi kamera yokulitsa, n'kuwerenga limodzilimodzi. Chofunika kuonetsetsa n'chakuti awerenga tsitsi lolimba lokhalokha kapena aphatikiza ndi kaubweya kopyapyala kaja, chifukwa kaubweyako kangachuluke pa chithunzi koma pagalasi munthu osaona kusintha. Kafukufuku wabwino amawonjezeraponso zithunzi za mutu wonse zoweruzidwa ndi madokotala osadziwa gulu la munthuyo, komanso maganizo a mwini mutu. Zithunzi za "kale ndi tsopano" zimene amalonda amaika pa Facebook musazipatse mtima konse, pakuti kungosintha kuwala, kunyowetsa tsitsi pa chithunzi choyamba, kapena kulisiya litalike masabata atatu pa chachiwiri n'kokwanira kupanga chozizwitsa.

Kuti mukhale ndi muyeso m'manja, tengani minoxidil yemweyo. Poyamba anali mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, amene bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza mu 1979, ndipo madokotala ataona kuti odwala awo akumera ubweya mosayembekezereka, kampani ya Upjohn inawasandutsa opaka pamutu, n'kuvomerezedwa mu 1988. M'kafukufuku wodziwika wa mu 2002, wa amuna 393 kwa masabata 48, amene ankapaka minoxidil wa 5 peresenti anawonjezera tsitsi pafupifupi 19 pa sikweya sentimita, a 2 peresenti pafupifupi 13, ndipo a placebo pafupifupi 4. Pamalo pamene mutu wathanzi umakhala ndi tsitsi loyandikira 200, kuwonjezera 15 ndi phindu lenileni koma lapakatikati. Mankhwala amene dziko lonse lawadalira kwa zaka zoposa 30 mphamvu yake ndi imeneyo, choncho wina akakulonjezani kuti dazi lonse lidzatsekeka m'mwezi umodzi, mawu akewo ndi okwanira kukuchenjezani.

Samalaninso ndi maperesenti akuluakulu. Mu December 2025 kampani ya Cosmo inalengeza zotsatira za clascoterone, mankhwala opaka amene anavomerezedwa kale mu 2020 ngati kirimu wa ziphuphu, atayesedwa pa dazi mwa amuna 1,465 m'makafukufuku awiri. Inati m'kafukufuku woyamba mankhwalawo anaposa placebo ndi 539 peresenti, ndipo mu wachiwiri ndi 168 peresenti. Ntchito imeneyi ndi yaikulu ndipo ikuyenera ulemu, popeza yafika pamene deoxyribose sanayandikire. Koma chiwerengero chonga 539 peresenti pachokha sichikuuzani kuti pamutu pamera tsitsi lochuluka bwanji. Tiyerekeze kuti gulu la placebo lawonjezera tsitsi 2 ndipo la mankhwala 11: kumeneku ndi kuposa kasanu ndi theka, koma kusiyana kwenikweni ndi tsitsi 9 basi. Gulu la placebo likanawonjezera 6, mankhwala omwewo ndi mphamvu yomweyo, ndiye kuti tsitsi 15, akanaoneka ngati aposa kawiri ndi theka kokha. Ndiye mukaona peresenti, funafunani chiwerengero chenicheni cha tsitsi m'magulu onse awiri, ndipo kumbukirani kuti chikalata chimene kampani yatumiza kwa atolankhani ndi eni masheya sichinadutse m'manja mwa akatswiri odziimira paokha monga zimachitikira ndi nkhani yosindikizidwa m'magazini ya sayansi.

Mawu akuti "amagwira ntchito mofanana ndi minoxidil" ali ndi msampha wawo. Mafuta a rosemary atchuka kwambiri chifukwa cha kafukufuku mmodzi wa ku Iran wa mu 2015, wa amuna 100 kwa miyezi 6, amene anawayerekeza ndi minoxidil wa 2 peresenti n'kupeza kuti magulu awiriwo sanasiyane. Munalibe gulu la placebo, minoxidil amene anasankha ndi wofooka uja, ndipo kuwonjezeka kwa tsitsi m'magulu onse awiri kunali kochepa. Anthu awiri akafika pa nthawi imodzi pa mpikisano, sitinganene kuti onse ndi akatswiri ngati sitinaone liwiro la munthu woyenda wamba pa mtunda womwewo.

Pali njira yosavuta yoonera ngati ofufuza anasintha zolinga ali pakati pa ulendo. Kafukufuku woona wa pa anthu amalembetsedwa asanayambe, m'kaundula wa pa intaneti wotchedwa ClinicalTrials.gov kapena m'kaundula wina wonga Pan African Clinical Trials Registry, ndipo pamenepo amalembapo chiwerengero cha anthu, kutalika kwa nthawi, ndi chinthu chachikulu chimene adzayeze. Mukapeza kuti analonjeza kuwerenga tsitsi pa sabata la 24 koma lipoti likukamba za kukhutira kwa odwala pa sabata la 12, dziwani kuti pamene analonjeza paja sipanatuluke zabwino. Nthawi nayo ndi yofunika: popeza kamuzu kopuma kamatenga miyezi itatu kuti kadzuke, kafukufuku wa dazi wosakwana miyezi 6 sanganene zambiri, ndipo wa chaka chathunthu ndiye amasonyeza ngati phindulo likukhalitsa.

Mfundo imene imandikhudza kwambiri ndi ya anthu amene amayesedwa. Makafukufuku ambiri a dazi achitikira ku America, ku Ulaya ndi ku China, ndipo anthu a tsitsi lopotana ngati lathuli amakhalamo ochepa. Tsitsi la anthu akuda limakula pang'onopang'ono, limakhala lotalikirana pang'ono pakhungu, ndiponso limaduka msanga likauma, choncho mankhwala osungunulidwa mu spiriti angavutitse mutu wathu mosiyana ndi wa anthu ena. Izi sizikutanthauza kuti mankhwala ovomerezeka satigwira, koma n'koyenera kuyang'ana tebulo loyamba la lipoti lililonse, limene limasonyeza zaka, mtundu ndi kukula kwa dazi la amene analowamo. Kawirikawiri amasankha amuna a dazi loyamba kumene kapena lapakatikati, ndipo zotsatira zawo sizinena kanthu za munthu amene paliwombo panasalala zaka khumi zapitazo.

Muyeneranso kutsimikiza kuti vuto lanu ndi dazi la mahomoni. Mmene mwafotokozera, kuyambira m'mbali mwa mphumi ndi paliwombo pa zaka 34, n'zofanana nalo kwambiri, koma mitu ya anthu athu imataya tsitsi pa zifukwa zinanso. Zipere zimasiya zigamba ndipo zimafuna mankhwala akumwa. Pali matenda amene chitetezo cha thupi chimaukira timizu n'kusiya malo ozungulira osalala ngati ndalama. Kudwala malungo aakulu, kubereka, kuchepa magazi, matenda a chithokomiro ndi chindoko zingathothole tsitsi, ndipo limabwerera choyambitsacho chikachiritsidwa. Mwa amayi, kuluka kokoka kwambiri ndi kumangirira mameshi pa tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala kumadya tsitsi la m'mphepete. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo ndi anzake anapeza vutoli mwa mayi mmodzi pa atatu alionse amene anawayeza ku Cape Town. Ndipo ngati khungu likuyabwa, kutentha, kutuluka mafinya kapena kuchita chipsera chonyezimira, pitani msanga ku chipatala chimene chili ndi gawo la matenda a khungu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, chifukwa kamuzu kakafa ndi chipsera palibe mankhwala opaka amene angakadzutse.

Za chitetezo cha shugayu, mawu akuti "ndi wachilengedwe" asakugonekeni tulo. Chinthu chopaka pakhungu tsiku ndi tsiku kwa zaka chimalowa m'thupi pang'onopang'ono. Mu April 2025 bungwe la FDA linachenjeza za finasteride wopaka wosakanizidwa m'mafamase, litalandira malipoti a mavuto ofanana ndi a mapiritsi ake, monga kuchepa kwa chilakolako ndi kuvutika maganizo. Deoxyribose amalimbikitsa kumera kwa timitsempha ta magazi, ndipo pa chifukwa chomwechi wakhala akufufuzidwa ndi akatswiri a khansa, popeza zotupa zina zimamupanga pofuna kudzikokera magazi. Sindikunena kuti kupaka shugayu kumayambitsa khansa, koma chinthu cha mphamvu yotere chiyenera kuyesedwa mosamala pa anthu, ndipo masiku 20 pamsana pa mbewa sangayankhe funso la zaka zambiri pa liwombo lowombedwa ndi dzuwa la October. Botolo la pa intaneti lili ndi vuto lina lowonjezera: palibe amene watsimikiza kuti m'katimo muli zimene zalembedwa kunja, mulingo wake ndi wotani, kapena ngati sanathiremo minoxidil mobisa kuti ogula aone kusintha. Ku Malawi, bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi limene limalembetsa mankhwala, ndipo wa pa famase yovomerezeka angakuuzeni ngati chinthu chili m'kaundula.

Ngati dokotala watsimikiza kuti ndi dazi la mahomoni ndipo mukufuna kuchitapo kanthu, njira ziwiri zimene zili ndi umboni wa zaka zambiri ndi minoxidil wa 5 peresenti wopaka ndi finasteride wa 1 mg wakumwa, amene anavomerezedwa mu 1997 ndipo amachepetsa DHT. Finasteride amafuna kukambirana ndi dokotala kaye chifukwa amuna ochepa amaona kuchepa kwa chilakolako kapena mphamvu za abambo, amasinthanso zotsatira za kuyeza kwa chiwalo cha abambo chotchedwa prostate, ndipo mayi woyembekezera sayenera kugwira piritsi losweka. Minoxidil amatha kuthothola tsitsi kwambiri m'masabata oyambirira pamene timizu tikudzuka, ndipo ambiri amasiya pa nthawi imeneyi poganiza kuti zaipiraipira. Ndi poizoni kwa amphaka, ndiye musamusiye poyera ngati pakhomo pali chiweto chimenechi. Onse awiri amagwira ntchito pokhapokha mukupitiriza, ndipo mukasiya, tsitsi limene anasunga limapita m'miyezi ingapo, choncho werengani mtengo wa chaka chonse musanayambe. Yambani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi kuti mudziwe chimene chathandiza. Tsiku loyamba metani monga mumametera nthawi zonse, imani pamalo amodzi panja pamthunzi m'mawa, ndipo wina akujambuleni pamphumi, m'mbali zonse ziwiri ndi paliwombo. Bwerezani zimenezi ndi kametedwe komweko pakatha miyezi 3, 6 ndi 12, ndipo zithunzi za mwezi wa 6 ndi wa 12 ndi zimene mudzapite nazo kwa dokotala pokaganiza zopitiriza kapena kusintha.